Tsamba la Mfumu Iramu

Asilikali atadutsa ku Chiputo, anatenga Baibulo la m'kapela mwathu n'kumapichirira fodya. Anasuta Masalimo, anasuta Yohane yense. A Luciano, katekista wathu, anatola tsamba limodzi lokha m'phulusa, ndipo mwa masamba onse a Mulungu linatsala lopanda pogwira: maina a mafumu a Edomu, zidzukulu za Esau. Lamulungu lililonse ankatiwerengera mainawo pansi pa mtondo, ife n'kumavomera Amen ngati tamva kanthu.

A Luciano analibe khutu lakumanzere. Amene anawadula ndi Virgílio, mwana wa mayi Glória, yemwe zigawenga za matsanga zinamugwira kudimba n'kudzabwera naye atanyamula mfuti, maso ali psuu. Ndiye tsiku limene tropa ya boma inamuwombera kumtsinje, palibe analira. Tinagwirizana kuti kumanda kwathu salowako, afisi amalize okha.

Mayi Glória anamukoka okha pamphasa mpaka kuseri kwa chulu, nayamba kukumba. Nthaka ya chilimwe ndi mwala. Dzuwa litapendeka anafika kwa a Luciano, zikhatho zili magazi okhaokha, ife tikutongola chimanga pakhonde.

"A katekista, tiyeni mukamuwerengere Mawu."

"Mawu anapsa, mayi. Latsala ndi la anthu a Esau."

"Werengani lomwelo."

Anawerenga pomwepo mwaukali, kuti mayiyo achoke, mpaka dzina lomaliza, mfumu Iramu.

"Iramuyo anachita chabwino chanji?" anafunsa mayi Glória.

"Sanalembe."

"Anali wa Mulungu?"

"Ayi. Mtundu wokanidwa, adani a Israele."

"Koma dzina lake lili m'buku?"

A Luciano anagwira pachipsera cha khutu lija.

"Zakumwamba sindikupempha, akaweruza Mwini wake," anatero mayiyo. "Ngati Mulungu anasunga dzina la mdani, nanga wangayu? Munthu mmodzi angomutchula dothi lisanamukwirire."

Ine mtima unandipsa. "Khutu lawo mubweza?" ndinakuwa. Mayi Glória sanandicheukire n'komwe.

A Luciano anapinda tsamba lija, natenga khasu. Tonse tinawaletsa, mkazi wawo mpaka kuwagwira malaya, koma anapita. Sitinawatsatire. Tinaima patali, kumvera makasu awiri akulimbana ndi nthaka. Kenako tinamva mawu awo akutsika ndi maina aja, limodzilimodzi, Magidiyeli, Iramu. Pamenepo anadukiza, moti tinayesa kuti alephera, ndipo ena anayamba kuseka.

"Virgílio," anatero a Luciano.

Ndi iwo omwe anamutchula koyamba dzinalo ali khanda, tsiku lomuthira madzi pamutu.

Lamulungu lotsatira pansi pa mtondo panali a Luciano ndi mayi Glória basi. Anawerengabe, ndipo sanathere pa Iramu.