Tsamba Limene Alamu Anafufuta

Mwini khola la nkhuku anadinanso kachitatu, koma kompyuta inabweza yankho lomwelo: fomyula yowerengera masiku yakana. Pakona makina oswetsera mazira ankangolira. Munali matireyi makumi awiri, olowa masiku osiyanasiyana. Amene anakwanitsa masiku khumi ndi asanu ndi atatu anayenera kuchotsedwa potembenuzira tsiku lomwelo, apo ayi anapiye akanafera m'mazira. Fayilo ya m'kompyutamo yokha ndiyo inkadziwa kuti ndi ati.

Fomyulayo anailemba yekha mwana wake wamkazi asanapite kukoleji, ndipo kwa zaka ziwiri sinaphonyepo. Dzulo lake ndi pamene alamu ake, amene anabwera kudzacheza, anapempha kuti aikonzeko fayiloyo.

"Ndangosesamo basi, alamu," iwo anatero ataima pakhomo. "Paja mlendo ndiye amayenda ndi kalumo kakuthwa."

"Kalumo kanu kameta ndi khutu lomwe."

Mwini khola anaimbira mwana uja, namupeza akulowa m'kalasi. Mwanayo anati atsegule fayilo ina yatsopano, aikemo fomyulayo, alembe tsiku lililonse. Inayankha bwinobwino. Atabwerera m'fayilo yakale, inakananso. Anazimitsa kompyuta, anayatsa, chimodzimodzi.

Kenako mwanayo anafunsa za tsamba lomaliza la fayilo yakaleyo, lodzaza manambala okhaokha, limene fomyula inkawerengamo masiku olowera matireyi.

Alamu anakanda m'mutu. Anati analifufuta chifukwa linkaoneka ngati zinyalala.

"Bambo, tengani fayilo ina imene tinasunga pa fulashi," anatero mwanayo.

Nayonso alamu anali ataisintha, akuti kuti ziwirizo zifanane.

"Ndiye palibe chimene ndingachite, bambo. Fomyula singawerenge tsiku limene kulibe."

Mwini khola anaika foni pansi. Alamu anayamba kufotokoza za mnzawo wina wodziwa makompyuta amene akanabwera mkuja. Mwini khola anadzuka, natseka makatani onse, chipinda chinada ngakhale kunja dzuwa linali paliwombo. Anatulutsa matochi awiri m'kabati, imodzi nawapatsa.

"Tiunika mkati mwa dzira lililonse. Lomwe mwanapiye wadzaza, tireyi yake kumanja, ndiyo yochotsa potembenuzira."

"Mazira zikwi ziwiri, alamu? Basi yanga inyamuka posachedwa."

"Inyamuke. Sambani m'manja, ndipo lisazizire ndi limodzi lomwe."