Benchi ya Mayi Fumbi

Pakhomo la chipinda chomwe amamangiramo setilaiti pali benchi yachitsulo yochokera khoma ili kukafika khoma linalo. Ukafika umakhalapo, kuvala ovolosi yoyera ndi zophimba nsapato, kenako n'kuwolotsa miyendo. Mbali ino ndi yakuda, inayo ndi yoyera. Kafumbi kakalowa m'makina, kumwambako kulibe wokapukuta.

Woyang'anira benchiyo onse ankamutcha Mayi Fumbi. Anayamba ntchito pakampanipo kulibe ndi chimbudzi cha akazi chomwe, ndipo ankanyadira kuti pakhomo pake sipadutsa ngakhale tsitsi limodzi.

Chaka chimenecho kampani inalemba injiniya wamkazi woyendera njinga ya olumala. Abwana anamujambulitsa, chithunzi n'kuchipachika polandirira alendo, m'munsi mwake mawu akuti kumwamba n'kwa tonse. Koma matayala a njinga amaponda panja, ndiye sakanaloledwa mbali yoyera. Injiniya ankathera pagalasi, kumaonerera anzake akumanga mlongoti wa setilaiti umene anaujambula yekha. Chikhalirecho lamulo linali lakuti amene sanagwirepo makina ndi manja ake sakhazikitsidwa pantchito miyezi yoyeserera ikatha.

"Mayi, njiratu ilipo," anatero Injiniya atangoyamba kumene. "Pagulidwe njinga ina, itsukidwe, izikhala mkatimo. Ine ndizikhala pabenchi ngati wina aliyense, miyendo ndiziwolotsa ndi manja."

"Tiona," anayankha Mayi Fumbi.

Ankadziwa kuti n'zotheka. Koma njinga ili ndi girisi ndi timakona tambirimbiri, ndipo woipukuta m'mawa uliwonse akanakhala iye. Komanso mumtima ankati, ine ndani anandisalazira njira? Abwana akafunsa, ankangoti, "Tikufufuzabe."

Tsiku lotsekera setilaiti m'bokosi linafika. Wamawaya, bambo wolumikiza mawaya wokonda nthabwala, anapeza Injiniya ali pafupi ndi benchi.

"Achemwali, bwanji ndingokunyamulani? Msana ulipo uwu. Ndinaberekapo apongozi anga pamtsinje."

"Achimwene, ndasanduka thumba la simenti? Nanga mukandiwolotsa mukandikhazika pati, pa setilaitipo?"

"Ndiye bwino! Mupite nayo limodzi, mukatipatsire moni kumeneko."

Onse anaseka. Injiniya nayenso anaseka, kenako n'kutembenukira kwa Mayi Fumbi.

"Mayi, 'tiona' uja wafika pati?"

"Zinthu zimayenda pang'onopang'ono, mwanangu."

"Inenso ndimayenda pang'onopang'onotu, koma ndimafika."

Mayi Fumbi anawolotsa miyendo n'kulowa. Pamene ankavundikira mlongoti uja, anaona Injiniya atagunditsa chipumi pagalasi, zala zake zikuyendayenda ngati ndi iye akumanga mabawuti.

Atatuluka, Mayi Fumbi sanavule ndi chipewa chomwe, anangolunjika kwa abwana n'kufotokoza za njinga yachiwiri.

"Basi? Vuto lonseli linali limeneli?" anadabwa abwana. "Nanga osanena bwanji? Iitanitseni lero."

"Ndiye mtsikana uja mumuwonjezere nthawi yoyeserera."

"Zimenezo akuluakulu kumtunda atseka kale. Setilaiti yapita, ina sitiyamba msanga. Agwira chiyani?"

Njinga inabwera itakulungidwa m'pulasitiki. Desiki la Injiniya linali litayera kale, patatsala kapu yokha. Mayi Fumbi anamuimbira foni.

"Yabwera, mwanangu."

"Chabwino, mayi."

"Ndinachedwetsa ndine. Abwana sankadziwa."

"Ndinkadziwa. Pagalasi pajatu munthu umaona zambiri," anatero Injiniya. "Njingayo isungeni, abwera ena. Koma musalole Wamawaya aziikapo zida zake."

Chithunzi chija chikadali polandirira alendo, ndipo alendo amachiyamikira. Njinga ili mbali yoyera, pafupi ndi benchi. Mayi Fumbi amaipukuta m'mawa uliwonse, matayala, timakona tonse. Amamaliza madzi a tiyi asanawire n'komwe.