Tiyi wa Wapampando Pa Njanji

Kalabu ya masitima a zidole ya m'tauni ya Junee ili ndi lamulo lakale. Sitima yofuna kukaonekera pa chionetsero cha pachaka iyambe yakoka kapu ya tiyi, kuchokera pa ketulo mpaka pamene akhala wapampando. Ikanyamuka, munthu asaikhudzenso.

A Merv Tolhurst anatha zaka ziwiri akukonza yawo, kasitima kofiira ka malata, kokunga ndi kiyi, kamene anakagula kali dzimbiri lokhalokha. Mawilo anasula okha. Koma sipuling'i anasiya yomweyo ya 1934, poti kwa iwo sitima ya sipuling'i yatsopano si yakalenso.

Loweruka loyesera masitima, m'shedi ya kalabuyo munkatentha ngati mu uvuni. Mayi Glenys Harkin, wapampando, anakhala kumapeto kwa tebulo lalitali pamene anayalapo njanji, akudzikupiza ndi chipewa.

"Madala, nsanza yopukutira mwatenga?" a Noel Kranz, amene masitima awo amagula okonzakonza, anafunsa a Merv. "Kanthu kanuka ndi kamsinkhu wanu. Kakhosomola kawiri n'kugona."

A Merv anaika kasitima kawo panjanji. Anakunga kiyi kasanu ndi kawiri, n'kukhazika kapu ndi sosala yake pangolo.

Kasitima kananyamuka, kwetekwete, kanadutsa siteshoni ya makatoni, mlatho, ng'ombe za pulasitiki. Kenako kanayamba kuwefuka. Kanaima zii, patatsala mkono umodzi kuti kafike kwa wapampando.

"Mayi, ingotambasulani dzanja," anatero wina kumbuyo.

"Simunandisankhe kuti ndizitambasula manja," anayankha mayi Glenys.

A Merv anapita pakhoma pamene anamatapo lamulo lija. Analiwerenga kawiri, chala chikutsata mzere. Anabwerera kumene kuli ketulo, analavulira m'manja, n'kunyamula tebulo mbali imeneyo.

Kasitima kanagwedezeka, kanayenda. Vuto linali lakuti patebulopo panali masitima enanso asanu ndi anayi, oimikidwa m'njanji zam'mbali kudikira nthawi yawo. Onsewo anaona kuti nthawi yakwana. Ng'ombe zinagwa chagada. Siteshoni inatsetsereka n'kupitirira sitima ya a Noel. Nkhalamba zisanu ndi imodzi zinathamangira m'mbali mwa tebulo manja ali m'mwamba, koma panalibe woyerekeza kugwira kanthu, poti lamulo ndi lamulo.

Tiyi anafika, theka lake lili m'sosala. Masitima enawo anadzagunda kumbuyo kwake imodziimodzi, go, go, go.

Mayi Glenys anapsontha pang'ono. "Wazizira."

"Wafika," anatero a Merv, tebulo likadali m'manja.

"Uku n'kubera," anatero a Noel, akutola chumuni cha sitima yawo pansi. "Chonchi ngakhale njerwa ikhoza kuyenda."

"Mudzabwere nayo njerwayo chaka chamawa, achimwene, tidzaione," anatero mayi Glenys. Mayiwo anavala magalasi, anayang'ana pakhoma. Za tebulo panalibepo. "Sitimayi yalowa. Koma ku chionetsero anthu amalipira kuti aione ikuyenda, kuyambira naini mpaka folo. Tebulo mudzanyamula nokha, a Merv."

Msana unali utayamba kale kuwayankhula a Merv. Thukuta linkadontha pamphuno.

A Noel anayandikira, mawu atatsika. "Madala, musadziphe. Ndili ndi sipuling'i yatsopano kunyumba, ikadali m'pepala. Ulere."

A Merv anayang'ana kasitima kawo, kali phee pafupi ndi sosala.

"Naini koloko," anatero, n'kufunsa ngati tebulo la ku chionetserolo ndi lathabwa kapena lachitsulo.