Gemu Imene a Hamdani Anasiya Chiyakire

"Kakulira kuseri kwa chitenjecho," anatero Nasrin, mutu ataupendeketsa. "Ndinakamva dzana, ndakamvanso lero. Musandiuze kuti ndi filiji, alamu."

Zubeida anapitiriza kupinda mikeka imene azimayi anagonapo pa maliro a mwamuna wake, a Hamdani. Linali tsiku la sadaka, ndipo panja anthu anali atayamba kale kusonkhana.

Kanyimboko kanalipodi, kopyapyala, kobwerezabwereza ngati udzudzu wotsekeredwa m'botolo. TV anali ataifunditsa monga amachitira pa maliro, koma maluwa a chitenjecho ankawala mobiriwira kuchokera mkati.

Nasrin, mlongo wa malemuyo, anatuluka. Anabwerera ndi a Abdulwahab, mkulu wawo wa ku Area 43, makiyi a galimoto ali m'manja. Iwo anangosolola chitenjecho.

Pa galasi panali kamunthu ka chipewa chofiira, katauma mwendo umodzi uli m'mwamba, pamphepete pa mlatho wa zingwe. Pansi pake ng'ona zinali kukamwa yasa.

"Ichi n'chiyani, alamu?"

"Ndi gemu ya ang'ono anu."

Kamakinako a Hamdani anabwera nako kuchokera ku Joni ali mnyamata, pamodzi ndi kaseti imodzi yokha, yotengedwa ku sewero lina la pa TV limene ankalikonda kumeneko, la wapolisi wosaka mwana wobedwa m'nkhalango. Kanali kachikale, kopanda nzeru zosunga zinthu. Ukazimitsa, zonse zinkafufutika, n'kuyambiranso pachiyambi. Zaka zonsezi anali asanafikepo patali chonchi.

"Munthu tamuika m'manda, inu muli pa eda, masiku anu obindikira aumasiye, m'nyumba mukulira zidole?" anatero a Abdulwahab. "Ashehe ali m'njira. Kunjaku akunong'onezana kale kuti muno muli majini."

"Ena akuti n'zimene zawadya achimwene," anawonjeza Nasrin, osamuyang'ana Zubeida. "Munthu kufa chikhalire, maso ali pa galasi. Ndiye mkazi n'kumachisunga chinthucho chamoyo. Anthu aziganiza chiyani?"

Kumwamba kunagunda chapatali, cha ku Likuni. Babu linaphethira. Ku Old Town aliyense amadziwa kuti kukagunda, magetsi sachedwa kuthawa.

A Abdulwahab anawerama n'kugwira pulagi.

"Musakhudze," anatero Zubeida.

"Mwati?"

"Dzanja lanu lichoke pamenepo, alamu."

A Abdulwahab anadzuka pang'onopang'ono, koma chingwe sanachisiye. Pakhomo panali pataima azimayi angapo, mipango ili kukamwa.

"Mukundiletsa ine? M'nyumba ya mng'ono wanga? Hamdani anali munthu waulemu wake. Pa shopu ankangotsokomola, antchito onse n'kuimirira. Musamusandutse wazibwana pamaso pa anthu."

"Ankaopa ng'onazo," anatero Zubeida.

Mmodzi wa azimayi aja anatsala pang'ono kuseka, n'kudzigwira pakamwa.

"Mfuti, mapanga, zigawenga, zonsezo ankathana nazo okha. Koma akangofika pamadzi, ankaimitsa gemu n'kudikira ine kuti ndidzawawolotse. Ine ndikuwolotsa, iwo manja ali kumaso, mpaka ndiwagogode pa bondo. Tsiku lija ndinali ku msika. Ndinachedwa chifukwa cha nsomba, ndinkalimbana ndi wogulitsa. Pobwera ndinawapeza atazizira, akundidikirabe."

Kunagundanso, tsopano pamwamba penipeni pa malata. Chithunzi chinanjenjemera, chinachepa, n'kubwereranso.

Zubeida anakhala pansi, natambalala miyendo ngati akufuna kusankha mpunga. Anatenga padi, kachowongolera kotha mabatani, n'kuipukuta ndi ngodya ya mpango. Pakona pa galasi panali kamtima kamodzi kokha. Akagwa, basi.

"Alamu, muli pa eda," ananong'oneza Nasrin.

"Eda imandiletsa kutuluka. Ndatuluka?"

Anadina batani. Kamunthu kaja kanatsitsa mwendo. Thabwa loyamba linathyoka kumbuyo kwake, lachiwirinso. Ng'ona inalumpha, mano n'kuphonya nsapato. Zubeida sanaphethire. Zala zake, zokhakhala ndi sopo, zinkadziwa pothamanga ndi poima. Pakati pa mlatho anaima dala, mpaka a Abdulwahab anapuma mokweza, chingwe chikulendewera m'dzanja lawo. Ng'ona yaikulu itamira, analumpha kawiri motsatizana.

Kamunthuko kanaponda udzu wa kutsidya. Kanyimbo kanasintha.

Mvula inayamba kumenya malata.

Zubeida anaimitsanso gemu. Anatembenukira ku mpando wopanda munthu umene unali pambali pake, naikapo padi, mabatani ataloza koyenera. Kenako anagogoda kawiri ndi chala pamene pankakhala bondo.

"Bambo a Ikram," anatero chapansipansi, monga ankawaitanira amuna ake, "chotsani manja kumaso. Mwawoloka."