Mbuzi Yanga Inalowa M'tchalitchi

Ndinalota tikupita kukalembetsa ukwati, ine ndi Sungeni, mtsikana amene ndakhala ndikumuyang'ana kuyambira Fomu Wani koma sindinamuuzepo kanthu koposa moni. Zotsatira za mayeso zinali zisanatuluke, ngakhale mphasa yangayanga ndinalibe, koma m'malotomo zimenezi sizinali nkhani. Dzuwa linali paliwombo. Sungeni anavala diresi lobiriwira, ndipo nthambi za mitengo ya m'njira zinkapatuka zokha kuti adutse. Ine ndinkangoti, "Tiye msanga, Sungeni, atitsekera."

Pabwalo la tchalitchi, paja anthu amaimikapo njinga, panali mbuzi zambirimbiri zomangidwa pazikhomo. Mkhristu aliyense ankafika akukoka yake, n'kuimangirira, n'kupukuta m'manja, n'kulowa akuimba. Za amayi a mabulauzi oyera zinali zonenepa kwambiri. Ya abusa inamangidwa pamtengo wa belu, ndipo inkadya chingwe cha belulo.

Nditacheuka ndinaona kuti nanenso ndili nayo. Anali tonde wakuda, wonunkha, wopanda chingwe m'khosi.

"Ndinu yani?" ndinamufunsa.

"Ndine tchimo lanu, achimwene. Tinabadwa limodzi. Madzi amene anakusambitsani tsiku loyamba ndinamwa ndine."

"Koma ine sindinachite kanthu."

"Palibe wanena kuti munachita. Ine kwathu ndi kukhola la Adamu. Kumeneko timangoswana, sitifunsa."

Ndinafunafuna chingwe koma panalibe wondibwereka. Ndinamugenda ndi chibuma cha dothi, iye n'kuchidya. Kudikira kunanditopetsa. Ndinalowa ndi Sungeni, tondeyo ali pambuyo, ziboda zake zikugogoda simenti.

Kutsogolo kwa tchalitchi kunali kouma. Koma kumbuyo, kumene kuli benchi la odulidwa, anthu oletsedwa kudya mgonero aja, kunkadutsa mtsinje wa madzi ofiira ngati a mvula yoyamba. Pabenchipo panakhala atsikana okhaokha, ena ali ndi ana kumbuyo, madzi akuwalekeza m'mawondo.

Paguwa panaima malemu a Gwaza, mkulu wa mpingo amene anatiphunzitsa katekisimu. Anavala jekete lomwe tinawaika nalo, dothi la kumanda lidakali m'mapewa.

"Anthu a Mulungu," anatero, "m'nyumba muno mwalowa fungo."

Mpingo wonse unacheuka n'kugwira mphuno. Panja mbuzi zawo zinalira pamodzi, ndipo kuliraku kunamveka ngati ameni.

"Fatsani, mwana wa a Chalira," anatero a Gwaza akundiyang'ana, "imirira bwino. Tchimo n'chiyani?"

"Ndiko kulakwira lamulo la Mulungu," ndinayankha monga tinkalowezera pansi pa mtengo wa mango.

"Nanga mphotho yake?"

"Imfa."

"Wayankha bwino. Imeneyo ine ndinalandira kale. Tsono anzako onse amasiya zawo panja. Iwe ndiwe yani kuti ulowe nayo?"

"Ndinasowa chingwe, bambo. Komanso tikufulumira. Tabwera kudzalembetsa ukwati."

Anthu anaseka osatsegula pakamwa. Mayi wina wa duku loyera anakuwa, "Ukwati! Ndevu zomwe alibe ameneyu. Akamudyetsa yunifolomu ya sukulu mwana wa eni?"

A Gwaza anakweza dzanja, dothi n'kuyoyokera pa Baibulo.

"Mbuzi sitikwatitsa muno. Koma njira ilipo. Kholo lako Adamu atafunsidwa m'munda muja anadziwa choyankha. Loza amene wakupatsa mbuziyi. Iyeyo akakhala kumbuyo, iwe udya mgonero lero lomwe, ndipo chingwe tikupatsa."

"Nanga ukwati?"

"Akadzauma tidzaona."

Tonde uja anali atayamba kudya mpendero wa diresi la Sungeni. Iye sanamuthamangitse. Anangondiyang'ana n'kunena motsitsa mawu, "Fatsani, auze kuti si ine. Ngakhale dzanja langa sunaligwirepo."

Patebulo timakapu ta mgonero tinayamba kugundana. "Fulumira, mnyamata, tikuuma," tinatero timakaputo tonse pamodzi.

Mtima wanga unayaka. Ndinayang'ana nkhope zonsezo, zosalala, zodzola mafuta, zikudikira ngati anthu odikira nyama pamaliro. Ndinalankhula mokweza kuti ndi a kumtsinje omwe amve.

"Mbuziyi ndi yanga! Mtsikanayu alibe mlandu, ndipo ndimamukonda!"

Mawuwo anatuluka bwinobwino, onse. Koma ndikulankhula choncho mkono wanga wamanja unayamba kukwera. Ndinaugwira ndi wamanzere, unapitirira. Ndinaluma malaya kuti ndiukokere pansi, nsalu inang'ambika. Ndinagwada n'kuupanikiza ndi bondo, koma unatuluka ngati muzu wa chinangwa.

"Musadzivute, achimwene," anatero tonde uja, ulusi wobiriwira ukulendewera pakamwa. "Pakamwapo ndi panu. Mkonowo ndi wanga."

Chala chinawongoka n'kuima pa Sungeni.

Mpingo unapumira m'mwamba n'kuyambitsa nyimbo. Amayi awiri anamugwira m'mikono mwaulemu, monga amachitira ndi mkwatibwi, n'kupita naye kumbuyo. Atsikana a pabenchi anasendera kumupatsa malo. Madzi anamumeza mapazi, kenako mawondo. Sanalire. Anandiyang'ana kudutsa mitu yonseyo n'kunena kuti, "Ndimayesa ndiwe wina."

A Gwaza anatsika paguwa n'kundiveka m'khosi chingwe chatsopano cha khonje.

"Tsopano ndiwe mnzathu," anatero. "Sabata yamawa udzamange panja ngati munthu wamkulu. Yasama."

Anandiika kachidutswa ka buledi palilime. Ndinafuna kulavula. Kanali kokoma kuposa chilichonse chimene ndinadyapo, ndipo ndinameza.

Ndinadzuka kunja kutayera, belu loyamba likulira. Mkono wanga unali m'mwamba, wouma gwa, chala chikuloza pawindo. Pamsewu anthu ankadutsa atavala za Lamulungu, ndipo pakati pawo panali Sungeni, buku la nyimbo atalikumbatira pachifuwa. Ataona dzanja pawindopo anaima, n'kumwetulira, n'kukweza lake.

"Wadzuka bwanji, Fatsani? Sukupita kutchalitchi?"

Ndinali kalikiliki kutsitsa mkono.