Mayeso a Batire ku Kanakantapa

Minibasi inanditsitsa ku Kanakantapa kutada kale. Fumbi m'kamwa. Katoni paphewa. M'katonimo munali timalaputopu tisanu ndi kamodzi, tating'ono, totchipa.

Ba Abson, abwana anga ku Lusaka, ananena mosabisa: "Jordan, ukabwela nato, nchito yasila." Mumsewu wathu masitolo ogulitsa timakina totere achuluka. Aliyense akutsitsa mtengo. Ogula kulibe. Ndiye tinamva kuti gulu la alimi a tomato kuno likufuna kugulira ana awo a kukoleji.

Ba Greenwell, wapampando wa gululo, anandilandira ndi tochi.

"Mwafika, ba Jordan. Mailo m'mawa, sikisi koloko. Seveni tonse tizankala kudimba."

"Kulibe vuto. Nipaseniko chabe pochajila."

Anaseka. "Malaiti? Mapolo yanasilila kutali uko. Sola yanga ni ya babu imodzi na wailesi."

Ndinakumbukira za batire. Masana minibasi inafa panjira maola atatu. Ine sinditha kukhala chete. Ndinatulutsa kalaputopu koonetsera makasitomala, n'kuonera filimu yonse, foni yanga ikuyamwanso moto pomwepo. Batire linatsala kamzere kofiira. Ndinatsegula kena katsopano. Zii. Kenanso. Zii. Timakinato tinakhalitsa pashelefu, moto unatha kalekale.

M'mawa, pansi pa mtengo wa mango, panali alimi asanu ndi anayi ovala majombo. Panalinso mayi wina ataimika njinga yamoto. Christabel, wa kasitolo ka pa Chongwe. Nayenso ndi katoni yake.

"Shani, ba Lusaka?" anandilonjera. "Mwatitsatila mpaka kuno? Tauni yakukanani?"

Ndinayamba ulaliki wanga. Liwiro. Kamera. Kupepuka kwake. Ba Greenwell anakweza dzanja.

"Ivo sitimvela, mwana wanga. Ise pampu tikagula, tiyasha zibili pamodzi, tiona yamene izayamba kulema. Ikani pa tebulo."

Timalaputopu tiwiri, vidiyo ya kwaya imodzi, kuyatsa nthawi imodzi. Koyamba kuzima kaluza.

"Ba Greenwell, kanga sikanachajidwe. Si chilungamo ichi!"

"Nanga ife tichita bwanji?" anafunsa mayi wina wachikulire. "Mwana wanga akabwela pa holide, azachajila pa mtengo?"

Kwaya inayamba. Ndinatsitsa kuwala kwa sikirini mobisa. Christabel anaona.

"Awe, ba Lusaka, bwezani. Ba mayo afuna kuona mayunifomu ya kwaya."

Onse anaseka. Ndinabweza.

Nyimbo yoyamba inatha. Yachiwiri ili pakati, kanga kanaphethira, n'kuda bii. Ka Christabel kanapitiriza kokha, alimi akuyimba nawo.

Chondipweteka n'chakuti kanga n'kabwino kuposa kake. Ndikudziwa. Kake n'kochedwa, m'miyezi ingapo mabatani ayamba kugweduka. Ndinanena zimenezo, mokweza. Palibe anatembenuka. Christabel anali akumasula kale katoni yake, akuwauza kuti Lachisanu lililonse amadutsa kuno.

Ba Greenwell anandigwira paphewa. "Musakwiye. Tengani tomato, mukapase ba madamu."

Ndilibe madamu. Ndinalandira.

Minibasi yoyamba inali itadzaza mabokosi a kumsika. Ndinakhala kumbuyo, katoni pamaondo. Tisanafike patala, foni inalira. Ba Abson. Ndinaiyang'ana mpaka inaleka. Inayambanso.