Masamba Atakwirira Muvi

Telala analowa m'bwalo la sukulu ali woyamba mwa akazi onse. Anthu anawomba m'manja, ena akuimba malikhweru, koma iye mtima wake sunali m'malo. Ankadziwa chinthu chimodzi chimene wina aliyense pabwalopo sankachidziwa: miyendo yake inali isanakwere chitunda chomaliza.

Mpikisano umenewu ndi waung'ono, musaganize za makamera ndi magalimoto otsogolera. Othamanga sapitirira makumi asanu ndi limodzi. Umachitika kamodzi pachaka, mvula itatha, kuzizira kutayamba, pamene mitengo ikuyoyola masamba. Ndi makilomita 42, koma a m'mapiri, okwera ndi kutsika mpaka munthu kuiwala dzina lake. Njira amaisonyeza ndi mivi yolemba pansi ndi laimu, ndipo pamphambano iliyonse pamaima munthu wolozera. Chitunda chomalizacho othamanga anachipatsa dzina loti Apongozi, poti palibe amene amachikwera atawongoka. Aliyense amafika pamwamba atawerama, manja ali m'mawondo.

Telalayu anali mayi wa ana atatu, wosoka mayunifolomu m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya zitsulo. Makina ake anali opalasa ndi mapazi, ndipo anthu ankamuseka kuti iye amayeserera mpikisano atakhala pampando. Zaka zitatu zotsatizana anakhala nambala yachiwiri, kumbuyo kwa a Nesi a pachipatala chaching'ono, mayi wa imvi wothamanga mosapupuluma ngati wotchi. Chaka chimenechi a Nesi ankathamanga komaliza, chifukwa ankapuma pantchito n'kusamuka.

Koma sikuti Telala ankalimbana ndi a Nesi. Nkhani inali ya bambo ake. Madalawo anapambanapo mpikisano womwewu zaka makumi atatu zapitazo, ndipo dzina lawo linalembedwa ndi penti pathabwa la muholo ya sukulu. Zaka ziwiri zapitazo anadwala sitiroko, dzanja ndi mwendo wakumanja n'kufa, lilime n'kulemera. Kuyambira pamenepo anakana kutuluka m'nyumba. M'mawa wa tsiku limeneli anadabwitsa aliyense poloza jekete lawo, ndipo mlamu wake wa Telala, dalaivala, anawabereka kuwatsitsa masitepe n'kuwakhazika pampando pafupi ndi mzere womaliza. Telala ankafuna chinthu chimodzi basi: bambo ake aone dzina la mwana wawo likulembedwa pathabwa lija iwo akali ndi moyo.

Zimene zinachitika n'zakuti mvula ya chaka chimenecho inakokolola kamlatho, ndiye njira ya kumapeto anaisintha, Apongozi n'kumawakwerera mbali ina imene Telala sanaizolowere. Pamphambano ya kilomita 37 anaikapo wosoka nsapato wina kuti azilozera. Tsoka ilo, wothamanga wina anagwa chapatali miyendo itamukokana, ndipo wosoka nsapatoyo anathamangira kukamuthandiza. Pa mphindi zochepa zomwezo mphepo inakankhira masamba owuma pamuvi, laimu yense n'kubisika. Telala anafika mutu uli pansi, maso akuchita chidima ndi kutopa, anangoona njira yoyera yotsetsereka n'kuitsata. Njira imeneyo inali yachidule. Inadumpha chitunda ndi makilomita atatu athunthu.

Tisamuikire kumbuyo kuti sanadziwe kanthu. Ataona denga la sukulu likutulukira msanga chotero, anazindikira. Koma anthu anali atamuona kale, akufuula kuti "Atelala, Atelala," ndipo miyendo inangopitirira yokha. Atadutsa mzere, anaona bambo ake akugwetsa misozi mbali imodzi ya nkhope ikuseka. Anamugwira ndi dzanja lamanzere osafuna kumusiya.

Patapita mphindi khumi ndi zisanu a Nesi anafika, thukuta lili kamukamu. Atamuona Telala atakhala pansi anaima, n'kuseka.

"Inu, mwandidutsa pati? Payenera kukhala paja ndinapatuka kukataya madzi. Chikhodzodzo cha nkhalamba chandigulitsa lero." Anamukumbatira. "Mwandipezerera mayi, ndipo ndakondwa kuti ndinu. Ndikuchoka ndikudziwa kuti ndasiya munthu."

Mawu amenewo anamulasa Telala. Anadzuka motsimphina, n'kukodola mlamu wake kuti akumane kuseri kwa kalasi, ndipo anamuuza zonse.

Mlamuyo anayang'ana uku ndi uku. "Alamu, tsekani pakamwa. Mwaba cha yani? Masambawo mwathira ndinu? Munthu wolozera mwamuchotsa ndinu?"

"Ayi, koma chitunda sindinakwere."

"Chitundacho chikadandaula kwa ndani? Tawayang'anani madala aja. Zaka ziwiri osaseka, lero mano onse ali pamtunda. Mukufuna muwabwezere kuchipinda kuja? Mukawauza zimenezi BP ikwera, tiyambanso kuthamangira kuchipatala. A Nesiwo zikho ali nazo zambiri, zina amamwera tiyi. Landirani, tizipita kunyumba."

Mlamuyu sanali munthu woipa, ayi. Ndi yemwe ankabwera Loweruka lililonse kudzawameta madalawo ndevu. Malangizo oipa nthawi zambiri amabwera ndi munthu wokukonda, n'chifukwa chake amavuta kuwakana. Telala anaganiza za thabwa lija, mmene mwana wake wamkazi azidutsa pansi pake tsiku lililonse akuloza dzina la amayi ake kwa anzake. Anachita manyazi ndi chinthu chimene chinali chisanalembedwe n'komwe.

Anapita patebulo pamene panali Aphunzitsi, amene akhala akusunga nthawi ya mpikisanowu kuyambira kalekale, wotchi ili m'khosi, kope lili patsogolo.

"Aphunzitsi, mundifufute. Ndinasochera pa 37. Chitunda sindinakwere."

Aphunzitsi anavula magalasi n'kumuyang'ana. "Ndinadabwa ndi nthawi yanu, Atelala, koma ine ndimalemba zimene maso anga aona. Pali wina anakuonani mukupatuka?"

"Palibe."

"Ndiye mvetserani. Kusochera si mlandu wanu, ndi vuto la ife okonza njira. Chimene chikanakhala chanu ndi kukhala chete. Mpikisano ngati wathu uno tilibe makina otsata munthu m'tchire. Timadalira mawu a wothamanga aliyense, ndipo tsiku limene mawuwo adzasiya kudalirika, kope ili lidzakhala lokulungira zinthu basi." Anajambula mzere umodzi padzina lake. "Lamulo lathu likuti wosochera sanamalize. Koma akabwerera pamene anasocherera n'kutsata njira yoyenera, n'kufika tebulo lino tisanapinde, timamulemba kuti wamaliza. Chikho ayi, chimenecho chapita. Tebulo timapinda maola asanu ndi limodzi akakwana. Mwatsala ndi ola limodzi ndi theka."

"Ndi makilomita angati?"

"Awiri obwerera, asanu odzera kuchitunda. Palibe amene angakunyozeni mukakhala pansi."

Chovuta kwambiri chinali chisanachitike. Telala anapita kwa bambo ake, anagwada pafupi ndi mpando wawo, n'kuwauza pang'onopang'ono kuti amve bwino. Madalawo anamvetsera. Kumwetulira kuja kunachoka. Anamusiya dzanja, n'kuyang'ana pansi. Zimenezi zinamupweteka kuposa matuza a kumapazi, ndipo anadzuka misozi ikulengeza.

A Nesi anali atamva kwa Aphunzitsi. Anabwera ndi kachikwama kawo ka mankhwala, nkhope itasintha, tsopano ali pantchito.

"Khalani apa. Ndipatseni dzanja." Anawerenga kugunda kwa mtima akuyang'ana wotchi. "Chizungulire?"

"Ayi."

"Mseru? Mutu?"

"Miyendo yokha, yauma ngati matabwa."

"Imeneyo ndi yotopa, si yodwala. Mukanandiuza chizungulire sindikanakulolani kubwerera, ngakhale mulire." Anamupatsa botolo la madzi osakaniza mchere ndi shuga pang'ono, ndi nthochi imodzi. Anamuvula nsapato, n'kumata pulasitala pamatuza. "Muzimwa pang'onopang'ono, osagugudiza. Chitunda mukwere choyenda, musachite makani. Potsika, mapazi afupiafupi, masamba ndi oterera. Mukaona thukuta lasiya kutuluka kapena maso akuda, khalani pamthunzi mudikire anthu." Pomanga chingwe cha nsapato yachiwiri anawonjezera motsitsa mawu: "Ndathamanga zaka zambiri, mayi. Sindikudziwa ngati ine ndikanatha zimene mwachitazi."

Anthu atamuona akutuluka m'bwalo chobwerera anayamba kunong'onezana. Wina anati wasokonezeka mutu ndi dzuwa. Wina anati wagwetsa foni. Telala sanacheuke.

Makilomita awiri aja, amene anawatsetsereka mosavuta, tsopano anali okwera. Atafika pamphambano anapeza wosoka nsapato atabwerera, akusesa masamba ndi nthambi. Atamva nkhaniyo anagwira m'mutu.

"Mayi, ndakuphani ndine. Ndinangochokapo pang'ono."

"Munthu munakamuthandiza uja ali bwanji?"

"Wadzuka, wapitiriza."

"Ndiye simunalakwe. Ndilozereni njira."

Wosoka nsapatoyo analoza ndi nthambi yake.

Inu amene simunakwerepo chitunda chimenechi mutathamanga kale makilomita makumi anayi, musafulumire kunena kuti n'kuyenda chabe. Mwendo uliwonse Telala ankachita kuunyamula. Masamba ankamuterereka pansi pa nsapato, mphepo yozizira ikuumitsa thukuta pamsana. Anapeza othamanga otsalira, akuluakulu awiri amimba akukangana kuti analembetsa mnzake ndani, ndipo anakwera nawo limodzi atawerama onse atatu. Kawiri konse anaima atatsamira mtengo. Ankamwa madzi aja pang'onopang'ono monga anauzidwira. Pamwamba anaona bwalo la sukulu kutali, anthu akuchotsa kale tenti. Sankadziwa ngati mpando wa bambo ake ukadalipo.

Kutsika kunali koipa kuposa kukwera. Ntchafu zinkanjenjemera, chala chachikulu chikugunda kunsonga kwa nsapato. Anatsika ndi mapazi afupiafupi, akuluma mano.

Anatulukira pachipata cha sukulu kutatsala mphindi zisanu ndi imodzi. Anthu ambiri anali atabalalika. Otsalawo sanafuule ngati poyamba paja, koma anapatuka n'kumusiyira njira, akuwomba m'manja mwapang'onopang'ono, poti tsopano nkhani inali itamveka. Chikho chinali chikadali patebulo. A Nesi anali atakana kuchilandira wothamanga mnzawo akadali m'njira.

Telala anadutsa mzere. Aphunzitsi anadina wotchi, n'kulemba.

"Nambala 51. Mwamaliza, Atelala."

Mlamu wake anabwera akukanda m'mutu. "Alamu, ndayesa kawiri kuwatengera kugalimoto, kukuzizira kuno. Agwira mpando, osausiya."

Telala anatembenuka. Bambo ake anali pomwe paja, bulangete lili m'mawondo. Anayenda kupita kwa iwo ali ndi mantha ngati kamtsikana koti kaswa mbale. Asanafike, madalawo anakodola mlamu uja.

"Ndi... imitse."

"Bambo, mwendowo..."

"Ndiimitse."

Mlamuyo anawagwira m'khwapa. Bulangete linagwa. Madalawo anaima ndi mwendo umodzi wamoyowo, thupi lonse likugwedezeka, pamaso pa anthu amene kwa zaka ziwiri sankafuna kuti awaone. Anakoka Telala ndi dzanja lamanzere n'kumutembenuzira kwa anthuwo. Mawu anatuluka movutikira, koma pabwalo panali zii, ndipo aliyense anamva.

"Mukumuona... uyu? Ndi wanga."

Phunziro: Kulakwitsa mosadziwa kumagwera aliyense, koma ukazindikira, zimene uchite pambuyo pake ndi zako. Ulemu umene sunaugwirire ntchito uubweze kwa mwini wake ngakhale palibe amene wakuona, ndipo usabise choonadi poganiza kuti ukuteteza okondedwa ako. Iwo amafuna kunyadira iwe weniweniyo.